Msonkhano tikachitire kuti: m'mbali mwa Shire, mumzinda kapena kunyanja?

Amene anapatsidwapo ntchito yokonza msonkhano wa bungwe amadziwa kuti nkhani ya malo ndiyo imadya nthawi kuposa zokakambirana zenizenizo. Mitu ya msonkhano mumagwirizana tiyi asanazizire, koma wina akangofunsa kuti tikachitire kuti, aliyense amatulutsa maganizo ake. A zachuma akufuna holo ya pafupi ndi ofesi. Achinyamata akufuna kunyanja. Abwana akufuna malo oti mlendo wochokera kunja akafika, iwo asachite manyazi. Ine ndakhala ndikukonza misonkhano ya anthu 30 mpaka 80 kwa zaka zingapo, yambiri ya masiku awiri kapena atatu, ndipo pang'onopang'ono mtima wanga wapendekera ku hotela za m'matauni a m'mbali mwa mtsinje wa Shire, makamaka ku Liwonde. Sikuti ndimakonda kuona mvuu kuposa anzanga. Chimene chinandikopa n'choti kumeneko anthu amene ndawaitana ndimawapezabe m'holo ikakwana 3 koloko masana.

Tiyambe ndi mumzinda, chifukwa ndi kumene ambiri amathamangira.

Pa msonkhano waukulu, Lilongwe alibe wopikisana naye. Bingu wa Mutharika International Convention Centre, imene aliyense amangoti BICC, inamangidwa ndi ngongole yochokera ku China ndipo inakonzedwera msonkhano wa African Union wa mu 2012, umene pamapeto pake unasamukira ku Addis Ababa boma la Joyce Banda litakana kulandira Omar al-Bashir wa ku Sudan. Atsogoleri a mayiko a SADC anakumana ku Lilongwe mu 2013, n'kudzabweranso mu Ogasiti 2021. Holo yake yaikulu imalowa anthu pafupifupi 1,500, ndipo hotela yogona alendo ili pompo. Ngati mukuitana anthu mazanamazana, nduna, akazembe ndi atolankhani, musatayenso nthawi kuyerekeza. Kupatula BICC, ku Lilongwe kuli Sunbird Capital, Crossroads ndi zina, ndipo ku Blantyre kuli Mount Soche, Ryalls ndi Amaryllis. Ubwino wa zonsezi ndi umodzi: chilichonse chikasowa, chimapezeka pafupi. Projekita ikafa, wina amathamanga n'kubwera ndi ina. Mapepala akaperewera, osindikiza ali pakhomo. Wina akadwala mwadzidzidzi, zipatala za Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth sizili kutali. Mlendo wotsika pa bwalo la ndege la Kamuzu kapena ku Chileka safunika kugonanso panjira. Mkulu wa ku Capital Hill angathe kubwera kudzatsegulira msonkhano 9 koloko n'kubwerera ku ofesi tiyi asanamwedwe. Ndipo ngati oitanidwa onse amakhala mumzinda womwewo, simulipira zipinda zogona, zimene kawirikawiri ndizo zimameza ndalama zambiri.

Koma msonkhano wa mumzinda uli ndi nthenda yake. M'mawa holo imadzaza, mayina amalembedwa, chithunzi cha gulu chimajambulidwa. Nkhomaliro ikangotha mumayamba kumva: "Ndikubwera, ndingokasayina kalata ku ofesi." Wina wapita kubanki, wina wakatenga ana kusukulu, wina wamva kuti pa filingi siteshoni yakutiyakuti pafika mafuta ndiye wathamangira kukakhala pamzere. Onse amanena zoona, palibe wonama, koma mipando imakhala yopanda anthu pa nthawi yomwe mumafuna kumanga mfundo. Tsiku lachiwiri pamabwera nkhope zatsopano, anthu otumidwa kudzaimira mabwana awo, ndipo mumayambanso kufotokoza zomwe munamaliza dzulo. Ngati msonkhano wanu ndi wongouza anthu zinthu, wa theka la tsiku, zimenezi sizipweteka. Koma ngati ndi wolemba ndondomeko ya zaka zisanu, kapena wokonza bajeti, kapena wophunzitsa anthu luso lomwe phunziro la lero likudalira la dzulo, mumzinda mumangotayamo ndalama.

N'chifukwa chake anthu anatulukira nzeru yothawira kunyanja. Ku Senga Bay, pafupifupi makilomita 20 kuchokera pa boma la Salima, kuli Sunbird Livingstonia ndi malo ena ambiri, ndipo wochokera ku Lilongwe amafika m'maola awiri. Ku Mangochi kuli Nkopola ndi Makokola. Kumeneko palibe amene angathawire ku ofesi, n'zoona. Anthu amadya limodzi, amacheza madzulo pamchenga, ndipo nkhani zomwe zinakanika m'holo nthawi zina zimatheka pa mgonero wa chambo. Vuto ndi mbiri imene mawu oti "msonkhano wa kunyanja" anadzipangira. Boma lakhala likuletsa kangapo maunduna ndi nthambi zake kuchitira misonkhano kunyanja pofuna kuchepetsa kuwononga ndalama, ndipo kuletsako kumabwereranso nthawi iliyonse chuma chikathina. Ngakhale bungwe lanu litakhala loima palokha, mukalemba mu lipoti kuti munakakambirana za njala ya ku Nsanje muli ku Nkopola, othandiza ndi ndalama amakweza nsidze. Palinso za mtengo. Malo ambiri a kunyanja ali paokha, kutali ndi msika. Amene wapatsidwa alawansi yoti adzipezere pogona ndi chakudya amapezeka kuti akugona kutali, m'mawa n'kumabwera pa kabaza atachedwa, kapena akudya zodula zomwe sanakonzekere.

Tsono mtsinje ukulowa pamenepa.

Liwonde ili pamene msewu wa M3 umawoloka Shire. Kuchokera ku Zomba ndi ulendo wosakwana ola limodzi, ku Blantyre ndi pafupifupi makilomita 120, Balaka ili pafupi, ndipo msewu wa ku Mangochi umapatukira pomwepo. Wochokera ku Lilongwe amatsika ndi M1 kudzera ku Dedza ndi Ntcheu, n'kukhotera ku Balaka. Choncho mukakhala ndi anthu ochokera ku Machinga, Zomba, Mangochi, Balaka, Ntcheu ndi Blantyre, palibe amene amayenda mtunda wopweteka kuposa anzake, ndipo aliyense amafika pa minibasi wamba, popanda kumutumizira galimoto ya bungwe. Mafuta akamavuta ngati mmene akhala akuvutira kuyambira 2022, mfundo imeneyi yokha imatha kupulumutsa msonkhano. Malo odziwika kwambiri pamenepa ndi Hippo View Lodge, yomwe ili m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje ndipo yakhala ikulandira misonkhano kwa zaka zambiri, koma alipo ena ang'onoang'ono m'tauniyi. Ku Mangochi nako, pa boma penipeni pamene pali mlatho wa Bakili Muluzi ndi nsanja ya wotchi ija ya nthawi imene tauniyi inkatchedwa Fort Johnston, mtsinje ndi womwewo, utangotuluka kumene m'nyanja usanalowe mu Malombe. Kumeneko mumapeza malo ochitira misonkhano m'tauni osafika ku magombe odula aja.

Chomwe hotela ya m'tauni ya pamtsinje imachita bwino n'choti imatenga theka la ubwino wa mumzinda ndi theka la ubwino wa kunyanja. Ndi kutali mokwanira moti wa ku Blantyre sangati ndingokasayina kalata. Koma ndi tauni: pali mabanki, msika, masitolo, chipatala cha boma la Machinga, malo osindikiza mapepala, ndi nyumba zogona alendo za mitengo yosiyanasiyana. Izi zimathetsa mkangano wakale wa full board ndi alawansi. Mabungwe ambiri othandiza amakonda kuti hotela ilipiridwe zonse, pogona ndi chakudya, munthu asagwire ndalama m'manja. Oitanidwa ambiri, makamaka aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi azaumoyo a m'midzi, amakonda kupatsidwa ndalama n'kudzionera okha, chifukwa kenakake kamatsala kopita nako kunyumba. Sindikuweruza aliyense, malipiro awo timawadziwa. Pamalo a kunyanja otalikirana ndi tauni mumakakamizika kusankha full board, anthu n'kukhala tsiku lonse nkhope zili gwaa. Pa Liwonde njira zonse ziwiri zimatheka: alendo ochepa amagona pa hotela, ena onse amapeza zipinda m'tauni, m'mawa n'kuyenda wapansi kapena kukwera njinga kubwera ku holo.

Madzulo mtsinje umagwira ntchito yomwe nyanja imagwira. Anthu amakhala panja kuyang'ana mabwato a asodzi, mvuu zikulira kutsidya, ndipo amene anakangana masana amapezeka akugawana mbale ya nsomba. Ngati bajeti ikulola, ulendo wa pa boti kulowera ku Liwonde National Park, imene bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa kuyambira 2015, ndi mphatso yomwe anthu amaikumbukira kuposa chikwama cholembedwa dzina la bungwe. Njovu zimatsikira kumadzi nthawi yachilimwe. Ndi zinthu zoti ambiri a ife timangozimva kwa azungu odzaona malo, chonsecho zili kwathu konkuno.

Koma ndisakunamizeni kuti pamtsinje ndi paradaiso. Pali zinthu zinayi kapena zisanu zomwe zingakuchititseni kulumbira kuti simudzabwereranso.

Choyamba ndi kutentha. Liwonde ndi Mangochi zili kuchigwa, ndipo mu Okutobala ndi Novembala dzuwa lake silicheza. Ndinachititsapo msonkhano pa malo ena a m'mbali mwa Shire m'mwezi wa Okutobala, nditakhulupirira mawu a pa foni oti holo ili ndi makina oziziritsira mpweya. Analipodi, awiri, koma amodzi anali akufa ndipo enawo ankangolira. Pofika 2 koloko anthu 50 anali akudzikupiza ndi mapepala a ndondomeko, wophunzitsa akulankhula yekha. Tinasamukira pansi pa mtengo, ndipo kunena zoona zokambirana zinayenda bwino kuposa m'holomo, kungoti projekita inakhala yopanda ntchito. Kuyambira pamenepo ndimapita ndekha kukaona holo masana dzuwa lili paliwombo, n'kuwauza ayatse makinawo ndili pompo. Miyezi yabwino kuchigwa ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nthawi yomwe ku Blantyre ndi ku Zomba kumakhala chiperoni ndipo kunyanja mwera umakhala ukuwomba.

Chachiwiri ndi madzi enieniwo. Mtsinje umene mukuusirira mu Julayi umakhala wina mu Febuluwale ndi Malichi. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anationetsa mmene misewu ya kummwera imadukira tsiku limodzi. Ndipo mu 2024 madzi a m'nyanja ya Malawi anakwera kwambiri moti malo ambiri ogona alendo m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi analowedwa ndi madzi, Shire nayenso n'kufutukuka. Pa Liwonde pali Kamuzu Barrage, geti lalikulu lomwe limatsegulidwa ndi kutsekedwa pofuna kuwongolera madzi opita kumunsi, koma geti silingaletse mvula. Mukamakonza msonkhano wa nthawi ya dzinja, funsani kuti holo ili pamtunda bwanji poyerekeza ndi mtsinje, komanso ngati msewu wolowera ku hotela ndi wa tara kapena wafumbi. Kamsewu ka mamita mazana angapo kangathe kutitimiza basi yonse.

Za magetsi n'zoseketsa pang'ono. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera mu Shire momwemu, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namasupuni amene mumaona akuyandama pa Liwonde amachotsedwa pomwepo kuti asakatseke makina a kampani yopanga magetsi ya EGENCO kumunsi. Koma kukhala pafupi ndi mtsinje sikukupatsani magetsi kuposa wa ku Area 25. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo aliyense anaphunzira kufunsa za jenereta. Funso lokha loti "muli ndi jenereta?" silokwanira, chifukwa aliyense amayankha kuti eya. Funsani ngati imanyamula makina oziziritsira mpweya a m'holo kapena mababu okha, ngati dizilo ali pa mtengo womwe akupatsani kapena adzakuuzani kuti muwonjezere, ndiponso pomwe inaikidwa. Ndinakhalapo m'holo ina yomwe jenereta inali kuseri kwa zenera, moti ikalira, ofunsa mafunso ankachita kukuwa ngati ali pamsika. Hotela zazikulu za mumzinda pa nkhani imeneyi zimaposa, palibe kubisa. Chimodzimodzi intaneti: ngati pali anthu olowa msonkhano pa Zoom ali kunja, tengani kachipangizo kanu ka intaneti ka Airtel ndi ka TNM, muyese zonse ziwiri m'holo momwemo, osati pa risepishoni.

Udzudzu sufuna kufotokoza kwambiri. Zipinda zikhale ndi maneti osang'ambika, ndipo alendo ochokera kunja auzidwe asananyamuke. Ng'ona ndi mvuu nazo si zokongoletsa malo. Uzani anthu tsiku loyamba kuti Shire si Senga Bay, sasambamo, ndipo wina akamwa kamowa madzulo asatsikire kugombe mumdima. Madzi akumwa afunseni komwe amachokera. Kolera ija yomwe inasautsa dziko lonse mu 2022 ndi 2023 inayambira m'boma la Machinga lomweli, ndiye botolo la madzi patebulo la munthu aliyense si chinthu chochotsa pa bajeti.

China chomwe okonza misonkhano ochokera ku Lilongwe amaiwala: ku Machinga ndi ku Mangochi Asilamu ndi ambiri. Ngati oitanidwa anu ndi a m'derali, funsani kukhitchini ngati nyama ndi ya halaal, ndipo pa Lachisanu siyani mpata wokwanira masana kuti anthu apite kumzikiti. M'mwezi wa Ramadan ndondomeko ya tiyi ndi nkhomaliro imafunika kuiganizira mwatsopano. Tauni imathandizanso apa, chifukwa mzikiti ndi tchalitchi zili pafupi. Ndipo Loweruka chenjerani ndi maukwati. Kapinga wa m'mbali mwa mtsinje ndi amene akwati amafuna pojambulitsa, ndipo palibe wapampando amene angapikisane ndi zokuzira mawu za perekaniperekani. Ngati msonkhano wanu ukufika Loweruka, lembetsani pa pepala kuti tsikulo pamalopo sipadzakhala mwambo wina waphokoso.

Pali njira zina ziwiri zomwe ndingozitchula mwachidule. Pa phiri la Zomba pali Sunbird Ku Chawe, kozizira ndi kwabata, koyenera gulu laling'ono la akuluakulu a bungwe ofuna kuganiza mofatsa, koma msewu wake ndi wokwera ndi wokhotakhota, ndipo amene alibe galimoto amavutika. Kenako pali maholo a mipingo, a sukulu ndi a makhonsolo. Awa ndi otsika mtengo kwambiri, ndipo pa msonkhano wa tsiku limodzi wa mafumu, makomiti a m'midzi kapena makalabu a alimi, ndi oyenera kuposa hotela iliyonse. Kungoti zonse zimakhala pamutu panu: ophika, mipando, zimbudzi, madzi, zokuzira mawu. Ndalama zomwe mwapulumutsa mumazilipira ndi thukuta.

Mabungwe amene amakumanitsa anthu a mayiko angapo nthawi zina amayang'ana ku Zambezi. Livingstone ku Zambia ndiye chitsanzo chenicheni cha mzinda wa pamtsinje womwe unapanga misonkhano kukhala malonda. Mu 2013 unachititsa msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations loona zokopa alendo, mogwirizana ndi tauni ya Victoria Falls ya tsidya la Zimbabwe. Hotela monga Royal Livingstone ndi Avani zili pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, bwalo la ndege lilipo, ndipo Mmalawi sasowa womulankhula chifukwa Chinyanja chimamveka. Koma pamsewu ndi ulendo wautali, kudutsa Mchinji, Chipata, Lusaka, kenako makilomita ena oposa 450, ndipo zonse zimafuna ndalama zakunja zomwe masiku ano kuzipeza kubanki ndi nkhani ina. Tete ku Mozambique ili pafupi ndi Blantyre kudzera ku Mwanza ndi Zobue, ndipo ili ndi hotela zomwe zinamangidwa chifukwa cha migodi ya malasha ya ku Moatize, koma kutentha kwake kumaposa kwa ku Liwonde, komanso mufunika womasulira Chipwitikizi. Kwa bungwe la kuno lomwe ndalama zake ndi makwacha, ziwirizi ndi za apo ndi apo.

Poyerekeza mitengo, cholakwa chomwe ndimaona kawirikawiri n'kuika makotesheni atatu patebulo n'kusankha wotsika. Kotesheni ya hotela ndi gawo chabe. Werengerani mtengo wonse wa munthu mmodzi kuchokera pamene watuluka pakhomo pake mpaka kubwerera: thiransipoti, usiku wowonjezera wa amene afika dzulo lake, mafuta ndi alawansi ya madalaivala, holo, tiyi kawiri, nkhomaliro, madzi. Onani ngati msonkho wa VAT ndi wa zokopa alendo zili kale mkati, chifukwa ena amalemba mtengo wopanda msonkho kuti uoneke wochepa. Funsani ngati projekita, zokuzira mawu ndi tizipinda togawikana m'magulu zili pa mtengo wa holo. Ndipo funsani kuti kotesheniyo ikhala masiku angati isanasinthe. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri amene anali atakonza bajeti miyezi iwiri m'mbuyo anapeza kuti mitengo yomwe anagwirizana pakamwa kulibenso. Mukawerengera motere mumapeza kuti Lilongwe ndi yotsika mtengo ngati anthu ambiri ndi a ku Lilongwe komweko, koma ndi yodula kwambiri mukamabweretsa anthu a m'maboma kudzagona mumzinda. Liwonde imapambana pamene oitanidwa amwazikana m'chigawo chakummawa ndi chakummwera. Kwa anthu ochokera ku Karonga, Rumphi ndi Nkhata Bay, Shire ndi kutali kopanda chifukwa. Pitani ku Mzuzu.

Choncho kusankha kwanga kumayenda motere. Anthu opitirira mazana awiri, kapena msonkhano womwe mlendo wolemekezeka ndi nduna ndipo atolankhani ayenera kufika, ndimapita mumzinda osaganizanso kawiri. Wa theka la tsiku, mumzinda kapena m'holo ya mpingo. Gulu la anthu 15 ofuna kupuma ndi kumanga ubale ngati banja, ndalama zilipo ndipo palibe wodzafunsa mafunso, kunyanja kapena ku Ku Chawe. Koma wa masiku atatu, anthu 40 kapena 60 ochokera m'maboma osiyanasiyana, wofunika kuti amene wayamba Lachiwiri akhalepobe Lachinayi, pakati pa Meyi ndi Ogasiti, ndimaimba foni ku Liwonde. Kenako ndimakwera minibasi sabata ziwiri msonkhano usanachitike, ndikafika ndimapempha kuti andiyatsire jenereta, nditsegule mpopi m'zipinda zitatu zomwe ndasankha ndekha, ndipo ndimadya nkhomaliro pomwepo osanena kuti ndikuyesa khitchini.